Magetsi odabwitsa a m'matanelo a sitima za pansi pa nthaka, ndi mizukwadi?

Timavidiyo timeneti tafika ndi kuno kuchigwa cha Shire. Munthu ali m'sitima yoyenda pansi pa nthaka, kunja kwa windo, m'tanelo, ngalande yapansi yodutsamo sitimayo, muli mdima wa ndiweyani, kenako kuwala kwabuluu kungoti ng'ani ng'ani, pena kudutsanso kanthu kooneka ngati munthu wayima chotsamira khoma, nde pansi alembapo kuti mzukwa waoneka ku London. Kakangogwa pa gulu la WhatsApp la anthu a ku Nchalo kaya ku Ngabu mkangano wake sukhala wamasewera, ena akuti azungu nawonso ufiti ali nawo amangobisa, ena akuti nzasataniki, ena akuti ayi nzopanga pa kompyuta. Ine ndimaona kuti onsewa akuphonya. Kuwalako nthawi zambiri kumakhalapodi, wojambulayo sakunama, koma amene amagwira ntchito m'matanelomo usiku ndi usiku zambiri mwa zimenezi amazidziwa bwinobwino ndipo sachita nazo mantha.

Chimatisokoneza ife nchoti sitima yomwe timaidziwa ndi ina. Yathu ndi ya dizilo, yoyenda poyera dzuwa likuswa mtengo, pa njanji ija inalumikiza Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Ndipo chikokolokereni njanji pakati pa Bangula ndi Makhanga mu 1997 ana ambiri a kuno akula akungoona zitsulo zadzimbiri m'tchire mbuzi zikudya pakati pake. Sitima za pansi nzina. Yoyamba inatsegulidwa ku London pa 10 January 1863 kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, inali yamalasha utsi uli tolotolo m'ngalandemo, kenako mu 1890 anayambitsa yamagetsi yodutsa pansi penipeni. Muno mu Africa Cairo ndi amene anayamba mu 1987, ndipo abale athu a ku Joni amaidziwa Gautrain yomwe inayamba kuyenda mu 2010, imene kuchokera pa Park Station kudzera Rosebank ndi Sandton imayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 15.

Tiyambe ndi kuwala kwabuluu kuja poti ndi kumene kumatchuka. Sitima za ku London sizinyamula mafuta, zimatenga magetsi pa njanji zina zoyalidwa motsatana ndi njanji zoyendapo matayala, mphamvu yake ma volts 630 ndipo mbali zina anakweza kufika 750. Pansi pa sitima pali timapazi tachitsulo tomwe timakhukhuza njanji yamagetsiyo ulendo onse. Koma njanji imeneyi siyopitirira ayi, pamphambano pomwe njanji zikupatukana imaduka nkuyambiranso patsogolo, nde kaphazi kaja kakamachoka pachitsulo magetsi safuna kusiya, amalumpha mumpweya kwa kanthawi kochepa zedi, ndipo kulumphako ndi kumene kumawala buluu nkumveka thethethe. Amene munayimapo pafupi ndi anyamata owotcherera mageti pa Dyeratu mwauonapo moto umenewu, si wofanana chabe koma ndi womwewo, magetsi kudumpha mpata pakati pa zitsulo ziwiri. Kusiyana kwake nkoti m'tanelo mulibe kuwala kwina kopikisana nako, makoma ndi ozungulira pena onyowa, nde kung'anima kumodzi kumayenda kutali nkukatulukira pakona ngati pali chinthu chikubwera, chonsecho sitima imene yachititsayo ili kutali simukuiona nkomwe. Gautrain yokha imatenga magetsi pa waya wam'mwamba wa ma volts 25,000, koma nayonso chitsulo chokhudza wayacho chikangodumpha pang'ono moto uthetheka chimodzimodzi.

Palinso zina ziwiri zimene zimachititsa tsemwe munthu wachilendo. Wayima pa pulatifomu, kuli zii, mwadzidzidzi mphepo yofunda ikuomba kuchokera mumdima, mapepala ayamba kuuluka, koma sitima sikuoneka. Matanelo akuya a ku London ndi opapatiza moti sitima imangokwana ndendende, nde ikamathamanga imakankha mpweya onse patsogolo pake ngati mmene pompa wa njinga ya kabaza amachitira, mpweyawo ndi umene umayamba kufika. Kenako njanji ziyamba kulira zokha, kaphokoso kosongoka. Phokoso m'chitsulo limathamanga mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi pomwe mumpweya ndi 340 yokha, ndiye njanji imakuuzani za sitima makutu anu asanaimve. Akuluakulu amene anakulira m'mbali mwa njanji ku Tengani kapena ku Sankhulani izi sangadabwe nazo, ana akale ankagunditsa khutu pa njanji kuti adziwe ngati ikubwera, ngakhale makolo ankakalipa.

Tsono za anthu ooneka m'khoma. Pansi pa mizinda imeneyi pali masiteshoni ambiri otsekedwa omwe sitima zimangodutsa osayima. Ku London kuli Down Street yotsekedwa mu 1932, British Museum yotsekedwa mu 1933, Aldwych yotsekedwa mu 1994, ndi ena ambirimbiri. Ku New York siteshoni ya City Hall inatsegulidwa mu 1904 nkutsekedwa mu 1945 koma mpaka pano sitima ya nambala 6 imakatembenukira momwemo. Malo amenewa sanawataye, amasungiramo zipangizo, amadutsitsamo mpweya, pena amajambuliramo mafilimu, ndipo mababu ena amakhala chiyakire. Nde inu muli pa liwiro, windo lakuda, mwadzidzidzi kwa sekondi imodzi mwaona matailosi oyera, chitseko, babu lofiirira ndi munthu wavala jekete yonyezimira, kenako mdima. Ubongo ulibe nthawi yofunsa kuti ameneyo ndi ndani. Ku Berlin m'dziko la Germany kunali koposa apa, kuyambira 1961 mpaka 1989 nthawi ya khoma lomwe linagawa mzindawo pawiri sitima za kumadzulo zinkadutsa pansi pa chigawo cha kum'mawa m'masiteshoni otsekedwa, magetsi ozimirira, asilikali amfuti atayima mumthunzi kumangoyang'ana. Anthu ooneka mumdimawo anali anthu enieni, amfuti zenizeni.

Nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya ku Stockholm m'dziko la Sweden. Kumeneko kwa zaka zambiri anthu ankanong'onezana za sitima yasiliva yotulukira usiku, yopanda anthu, yoti ukakwera sutsikanso, ankaitcha Silverpilen, ndipo ankati imakatsitsa akufa pa siteshoni ya Kymlinge. Chonsecho sitimayo inalipodi, anaipanga m'zaka za m'ma 1960 yamabogi 8 a aluminiyamu osapaka penti pomwe zinzake zonse zinali zobiriwira, inali yongoyesera nde ankaitulutsa mwa apo ndi apo ina ikafooka, mpaka anaipumitsa mu 1996. Kymlinge nayo ilipo, ndi siteshoni imene anayamba kumanga koma sanaitsegule chifukwa nyumba zomwe ankati amanga kumeneko sizinamangidwe. Sitima yosowa kuoneka kuphatikiza siteshoni yopanda anthu, basi nthano yabadwa.

Usiku sitima za anthu zikaleka kuyenda m'pamene m'matanelo mumadzaza. Magetsi a njanji amawazimitsa kwa maola ochepa, magulu a antchito amalowa wapansi ndi matochi kuyendera mabawuti ndi ming'alu, ena kuchotsa tsitsi ndi zinyalala zomwe mphepo ija imaunjika, chifukwa zimenezo zikakumana ndi moto wothetheka uja zimayaka. Pamadutsanso masitima antchito okokedwa ndi injini za mabatire, ndi china chopala njanji chomwe chimalavula moto mbali zonse ziwiri. Tochi imodzi ili pa mtunda wa theka la kilomita, ikugwedezeka mogwirizana ndi mayendedwe a munthu amene simukumuona, mlonda watsopano pa siteshoni angaganize chani? Masana namonso muli mabowo olowetsa mpweya omwe amaponya dzuwa pansi malo amodzi. Pa msewu wa Leinster Gardens ku London mpaka anamanga khoma lakumaso lokha looneka ngati nyumba ziwiri, mawindo ojambula ndi penti, kubisa malo otseguka pomwe sitima zamalasha zinkatulutsira utsi.

Koma mbali yaikulu ya nkhaniyi ili m'maso mwathu momwemu, ndipo apa sitikusowa kupita ku London. Khalani pagombe la Shire usiku wopanda mwezi, msodzi m'modzi ali patali wakocheza bwato wayatsa kanyali kake, inu muzingokayang'ana osaphethira. Pasanathe mphindi kayamba kuyenda, pang'ono kumanzere, kukwera, kubwerera, mpaka mungalumbire kuti kakuuluka. Kanyaliko sikanasunthe. Diso la munthu silikhazikika, limanjenjemera pang'onopang'ono nthawi zonse, masana ubongo umakonza zimenezi poona mitengo ndi nyumba zozungulira, koma mumdima wopanda pogwira umangoganiza kuti chikuyendacho ndi kuwalako. Oyendetsa ndege amachita kuphunzitsidwa za chinyengo chimenechi kuti asamatsatire nyenyezi poyesa ndege inzawo. Ndipo munthu akakhalitsa mumdima wathunthu maso amayamba kupanga okha timadontho ndi timitambo towala, zomwe anthu a m'migodi ndi akaidi otsekeredwa m'zipinda zamdima akhala akufotokoza kuyambira kale. Dalaivala wa sitima amene wakhala maola akuyang'ana bowo lakuda mababu akudutsa motsatana mofanana, tulo tikumuvuta, sizodabwitsa kuti tsiku lina aona munthu pa njanji, amanga mabuleki, akafufuza osapeza kanthu. Ndimakhulupirira kuti ndege zambiri za ufiti zomwe anthu amaloza cha ku mapiri a Thyolo zimabadwa chonchi, pena ndi galimoto chabe ikutsika makona a Chikwawa, koma imeneyo ndi nkhondo ina, tisaiyambe lero.

Foni nayo imawonjezera zake. Fumbi la m'matanelo lambiri ndi tizitsulo topalika ku matayala, njanji ndi mabuleki, nde mukajambula ndi fulashi kafumbi kamene kali pafupi ndi kamera kamatuluka ngati mpira woyera woyandama. Kadontho kobiriwira kovina pa vidiyo kamakhala kuwala kwa babu komwe kwabwerera m'magalasi a kamera, mukasuntha foni nako kasuntha. Mawindo a sitima amabweza nkhope za anthu a m'bogi momwemo nkuziika panja pakhoma. Ndipo vidiyo ikadutsa m'mafoni khumi pa WhatsApp imakhala itafinyidwa moti banga lililonse limaoneka ngati nkhope.

Pali china chomwe anthu amakonda kutchula, phokoso lapansi kwambiri loti khutu silimva koma thupi limamva. Injiniya wina wa ku England, Vic Tandy, analemba mu 1998 kuti m'chipinda china chogwiriramo ntchito anthu ankamva mantha osadziwika ndipo iye mwini anaona chinthu chotuwa pakona ya diso, atafufuza anapeza fani yatsopano yotulutsa mpweya imene inkanjenjemeretsa chipindacho ka 19 pa sekondi, ataikonza zonse zinatha. Matanelo ali ndi mafani akuluakulu ndi mapampu amadzi ochuluka, nde ganizoli ndi lokopa. Koma anthu ena atayesa mwadala kuopseza anthu ndi phokoso lotere zotsatira zake sizinagwirizane, choncho ine ndimaliika kumapeto kwa mzere, lisamatengedwe ngati yankho la chilichonse.

Mpweya woipa ndiye nkhani ina, umenewu ndi wotsimikizika ndipo umapha. Carbon monoxide, yemwe uja amatuluka pa mbaula ya makala mukaisiya m'nyumba mawindo otseka mwezi wa June, alibe fungo, amayamba ndi mutu, chizungulire, kusokonezeka, ena amamva mapazi ndi kuona zinthu zoti palibe. Nthawi ya sitima zamalasha matanelo ataliatali ankadzaza mpweya umenewu. Ku Balvano m'dziko la Italy, usiku wa pa 2 kuchera pa 3 March 1944, sitima yolemedwa ndi anthu inakanika kukwera mtunda ili m'kati mwa tanelo, injini ziwiri zikufuka malasha oipa, anthu oposa 500 anafa ambiri ali mtulo. Mukamawerenga nkhani zakale za nyali zoyenda zokha m'matanelo muzikumbukira mpweya umene anthuwo ankapuma.

Ndipo mukaziyika pamodzi nkhani za mizukwazi muona kuti sizigwa paliponse, zimakonda pomwe panafa anthu. Tanelo ya Hoosac ku Massachusetts m'dziko la America, yotalika makilomita 7.6, inatsegulidwa mu 1875 itadya antchito pafupifupi 200, kuphatikizapo 13 omwe anatsekeredwa pansi pa dzenje mu October 1867 moto utabuka pamwamba pawo, ndipo kuyambira pamenepo nkhani za nyali ndi kubuula sizinathe. Pa siteshoni ya Bethnal Green ku London anthu 173 anafa popanikizana pa masitepe pa 3 March 1943 akuthawira pansi kuopa mabomba, ambiri amayi ndi ana, boma linabisa tsatanetsatane wake chifukwa cha nkhondo, ndiye mpaka lero pamamveka nkhani zoti usiku pamalira ana. Ife a kuno amene tinaona madzi a 2015 ndi a Freddy mu 2023 sitingaseke zimenezi. Malo amene anameza anthu osaikidwa bwino, odutsapo amakhala makutu ali tcheru, ndipo kaphokoso ka paipi komwe kwina sukanakalabadira pamenepo kamasanduka mawu.

Nanga palibe chomwe chinawazunguzadi akatswiri? Chilipo, koma sichinali mzukwa. Pa 18 November 1987 cha m'ma 7:30 madzulo, pa siteshoni ya King's Cross ku London anthu anaona kamoto pansi pa masitepe oyenda okha ochokera ku njanji ya Piccadilly. Masitepewo anali amatabwa, pansi pake panaunjikana girisi wosakanikirana ndi fumbi ndi tsitsi, ndipo zikuoneka kuti wina anataya kamtengo ka machesi koyaka, poti ngakhale kusuta pansi kunali koletsedwa anthu ankayatsiratu fodya akukwera kutuluka. Ozimitsa moto atafika anauona ngati moto waung'ono woti athana nawo. Koma cha m'ma 7:45 lawi linangophulika kuchokera m'masitepemo nkudzaza holo yogulitsira matikiti pamwamba, anthu 31 anafa. Palibe ankamvetsa kuti kamoto kaja kanakula bwanji m'kuphethira kwa diso, ena ankati ndi mphepo ya sitima, ena ankaloza penti ya kudenga. Akatswiri a ku Harwell, malo a kafukufuku wa sayansi ku England, ataika zonse mu kompyuta, inaonetsa chinthu chooneka ngati chabodza, malawi m'malo moyima chilili ngati moto wina uliwonse anali atagona chafufumimba m'ngalande ya masitepe. Anthu anayamba akayikira kompyutayo, mpaka anamanga masitepe aang'ono oyerekeza nkuwayatsa, moto unagonadi. Ngalande yotsetsereka madigiri 30 yokhala ndi makoma mbali ziwiri imakakamiza mpweya wotentha kukwawa pansi, nde unkaumitsa ndi kutenthetsa matabwa onse akumtunda mwakachetechete, oyang'ana kuchokera pamwamba osaona lawi lalikulu, mpaka matabwa onsewo anayaka nthawi imodzi. Chinali chinthu chatsopano m'maphunziro a moto, ndipo chinapezeka chifukwa panali mboni, nthawi zolembedwa, zotsalira zoyeza ndi anthu oumirira kufunsa. Zitatero masitepe amatabwa anayamba kuwachotsa, omaliza anachoka pa siteshoni ya Greenford mu 2014.

Apa mpamene pamasiyana nkhani ngati imeneyi ndi kavidiyo ka masekondi 12. Kavidiyo sikanena tanelo yake, tsiku, ola, kaya kunali antchito usiku umenewo kaya pamalopo pali mphambano ya njanji. Oyendetsa njanji ali ndi mabuku a zonsezi, sitima iliyonse imadziwika pomwe inali mphindi iliyonse, koma palibe amene angakafufuze kuwala komwe sikunavulaze munthu ndipo wojambulayo sanatchule malo. Nde kamakhala kosafotokozedwa mpaka kalekale, osati poti nkozama koma poti palibe anakatsata. Mukalandira kena muzingofunsa kuti ndi siteshoni iti komanso liti, muona gulu lonse lili chete.

Nkhani imene anaitsata mpaka pamapeto koma osapeza yankho ndi ya pa siteshoni ya Moorgate ku London. M'mawa wa pa 28 February 1975 sitima yodzaza anthu opita kuntchito inafika pa siteshoni yomaliza, m'malo mochepetsa liwiro inadutsa pulatifomu pa makilomita oposa 50 pa ola nkukaomba khoma kumapeto kwa tanelo yosatulukira kwina. Anthu 43 anafa. Mabuleki atawayeza anali abwinobwino, masiginolo abwinobwino, njanji yabwinobwino. Anthu amene anali pa pulatifomu anati dalaivala anali atakhala mowongoka, maso kutsogolo, manja pa zogwirira, ndipo madokotala anapeza kuti sanakweze nkomwe manja kutchinga nkhope. Anali munthu wodziwika kuti ndi wosamala pa ntchito, m'thumba mwake munali ndalama zoti akagulire mwana wake wamkazi galimoto akaweruka. Ena anati anadzipha, ena anati ubongo unangozima kwa kanthawi ndi matenda osaoneka pa mtembo, ena anakangana za mowa wochepa womwe unapezeka m'thupi poti mtembo unakhala masiku anayi m'malo otentha usanatulutsidwe ndipo thupi likamaola limatha kupanga lokha. Kafukufuku wa boma anangofika poti vuto linali kwa dalaivala, chifukwa chake osachipeza. Chomwe anachita nkuika zida pa njanji zonse zothera pakhoma zoti sitima ikalowa mothamanga zimange mabuleki zokha, dalaivala afune asafune, ndipo zida zimenezi anthu a njanji kumeneko amazitchula ndi dzina la Moorgate lomwelo.